Kuchezera ndi asayimenti: yankho kwa achemwali ondilembera pakati pa usiku

Imelo yanu, achemwali, inafika cha m'ma 1 koloko usiku, ndipo nthawiyo payokha inandiuza zambiri. Asayimenti ikufunika Lachisanu m'mawa, mwalemba theka, ndiye mukufunsa ngati muchezere Lachinayi kapena mugone n'kukapereka yosatha. Za zengerezu adalinda kwaukwau sindikuuzani, mwazimva mokwanira.

Ndili kukoleji ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnzanga wina, katswiri pochezera. Sabata yopereka ntchito ikafika, ine ndinkagona iye akulemba, n'kudzuka akulembabe, maso ali psuu. Tsiku lina m'bandakucha anandigwedeza kuti ndiwerenge zimene walemba, ati chibadwire sanalembepo zokoma chonchi. Masamba oyambirira analidi abwino. Kenako ndime ina inabwera kawiri, mawu ake omwewo. Chapakati panali chiganizo chothera panjira, chotsatana ndi mzere wathunthu wa kkkkkkk. Sikunali kuseka ayi, chala chinatsamira pa batani mwiniwake ataodzera osadziwa. Nditamuonetsa anapsa mtima, ati ndamuchitira nsanje. Chonsecho tsambalo anali atangoliwerenga yekha ndipo sanaonepo cholakwika.

Ichi ndicho chimandiopsa pa kuchezera. Manja amalembabe, mawu amatulukabe, koma mbali ya ubongo yoyenera kukuuza kuti "izi n'zopanda mutu" imakhala itagona kalekale. Mu 1997 ofufuza awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anayesa changu cha maso ndi manja a anthu osagona. Anapeza kuti amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati munthu woti m'magazi mwake muli mowa wa 0.05 peresenti, ndipo pofika maola 24 amafanana ndi wa 0.10. Mukadzuka 6 koloko m'mawa, maola 17 amakwana 11 koloko usiku. Ndiye mawu omangira asayimenti olembedwa 4 koloko m'mawa, ndani akuwalemba?

Mwina mukuti khofi alipo. Munthu akakhala maso, muubongo mumachulukana adenosine, yemwe amabweretsa tulo. Caffeine, yemwe amapezeka mu khofi, sachotsa adenosine, amangotseka malo amene iye amagwira kuti usamve kutopa. Kutopako kumangounjikana. Komanso pakatha maola pafupifupi 5, theka la caffeine limakhala likadali m'thupi, choncho khofi wa pakati pa usiku amakuberani ngakhale katulo kochepa komwe mukanapeza kukucha.

Koma chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi kudzitama. M'kalasi m'mawa umamva wina akuti "ine sindinagone", anzake n'kumamuyang'ana ngati ngwazi, pamene amene anamaliza msanga n'kugona amaoneka ngati waulesi. Zabodza. Mu Januwale 1964 mnyamata wa zaka 17 wa ku San Diego, Randy Gardner, anakwanitsa maola 264 osagona, masiku 11, pofuna kuonetsa luso pa mpikisano wa sayansi. Atauzidwa kuti azichotsera 7 kuyambira pa 100, anaima pa 65, ati waiwala chimene amachita. Guinness World Records, yomwe imalemba za anthu oposa onse padziko pa zinthu zosiyanasiyana, inasiya kulandira mipikisano yokhala osagona poopa kuvulaza anthu. Ife bwanji tikuombera m'manja?

Aphunzitsi nawo ndisawasiye. Aliyense amapereka ntchito ngati phunziro lake ndi lokhalo padziko, zonse n'kudzagwera sabata imodzi, kenako n'kumadabwa kuti ophunzira akulemba zofanana, zopanda mchere. Kungofunsana masiku pakati pawo kukanapulumutsa tulo ta anthu ambiri. Nkhani imeneyo ndidzailemba payokha.

Tsono Lachinayi muchite chiyani?

Musachezere usiku wonse. Choyamba lemberani aphunzitsi lero lomwe, osati Lachisanu, kufunsa ngati angakuonjezereni tsiku, ndipo mufunsenso kuti ochedwa amadulidwa malikisi angati. Nthawi zina chilango cha tsiku limodzi chimachepa poyerekeza ndi zimene mungataye polemba mukusinza. Akakana, zofuna kuganiza mozama, monga mfundo zanu ndi mawu omangira, mulembe isanakwane 12 koloko. Khofi womaliza akhale wa madzulo. Mukatero mugone maola 3, kapena zikavutitsitsa mphindi 90, poti tulo timayenda m'zigawo za utali pafupifupi umenewo ndipo kudzuka chigawo chitatha sikupweteka kwambiri. Alamu muiike patali ndi bedi. Zotsala zosafuna nzeru zambiri, kusanja mabuku amene mwagwiritsa ntchito ndi manambala a masamba, muchite mutadzuka. Fayilo muisunge malo awiri. Musanatumize, mupatse mnzanu amene wagona mokwanira awerenge, ndipo akakuuzani kuti ndime ina yabwera kawiri, mumukhulupirire.