Paketi yolakwika ikafika mu kernel, itayeni, musagwetse makina

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi bwinobwino. Mwati mukulemba kakernel kanu kophunzirira (kernel ndi mtima wa operating system), khadi ya netiweki ya e1000 mu QEMU (pulogalamu yoyerekezera kompyuta) yayamba kulandira mapaketi, ndiye mukufunsa chochita ikabwera paketi yolakwika, monga pamene utali wolembedwa mu header (mutu wa paketi) sukugwirizana ndi mabayiti amene afikadi. Muike assert makina aime kuti muone vuto, muyese kuikonza, kapena mumuyankhe wotumizayo kuti walakwitsa?

Itayeni mwakachetechete, onjezerani 1 pa kauntala, bwezani memory imene inagwira, landirani yotsatira. Assert ija musaiike nkomwe.

Assert ndi yoyang'anira lonjezo limene code yanu yadzilonjeza yokha. Paketi simunalembe inu. Nambala iliyonse ili m'menemo analemba ndi mlendo amene simukumudziwa, ndipo akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kungoti kuno kalumoko kamadzera inuyo. Mukaika assert pa nambala yochokera pa waya, mwapereka switchi yozimitsira kompyuta yanu kwa aliyense amene angathe kukutumizirani mabayiti 20.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ongoyamba kumene okha. Mu June 2019, Jonathan Looney wa ku Netflix anaulula vuto la Linux limene linatchedwa SACK Panic, CVE-2019-11477. Wachiwembu ankatsegula TCP ndi kupempha MSS (malire a kukula kwa segment imodzi) yaing'ono kwambiri imene Linux inkalola, mabayiti 48. Mukachotsapo 40 a ma option, pamatsala mabayiti 8 okha a katundu pa segment iliyonse. Tsono skb imodzi (chosungiramo mapaketi mu Linux) inkatha kusunga zidutswa 17 za 32 KB, ndipo mukagawa zimenezo ndi 8 mupeza ma segment 69,632. Chiwerengerocho chinkasungidwa mu tcp_gso_segs, malo a ma bit 16 amene amathera pa 65,535. Ma SACK (mauthenga onena zidutswa zimene zafika) osanjidwa mochenjera ankachititsa kuti nambala isefukire, BUG_ON (assert ya Linux) imene inali mu tcp_shifted_skb n'kulira, seva yonse n'kugwa. Vutoli linalipo kuyambira 2.6.29, zaka khumi anthu akudutsapo osaliona. Chimene chimandisangalatsa pa nkhani imeneyi n'chakuti paketi iliyonse payokha inali yovala bwino, checksum (nambala yotsimikizira kuti mabayiti sanaonongeke) ili m'malo, header yosapindika. Kulakwika kwake kunali m'masamu a kernel, ndipo chimene chinasandutsa masamu olakwika kukhala maliro a seva ndi assert yomweyo mukuifunayo.

Tibwere ku chitsanzo chanu cha utali. Ndikupempheni mutsegule net/ipv4/ip_input.c mu Linux, mupeze ip_rcv_core. Ndi function yaifupi, koma ndondomeko yake ndi sukulu payokha. Asanawerenge chilichonse, amayamba aona ngati mabayiti 20 a header yaing'ono afikadi, pogwiritsa ntchito pskb_may_pull. Akatero m'pamene amawerenga version ndi ihl (nambala yonena utali wa header). Version ikakhala yosiyana ndi 4, kapena ihl ikachepera 5, basi yatayidwa. Kenako, popeza ihl ikunena kuti header ndi yaitali ihl kuchulukitsa ndi 4, mpaka mabayiti 60, amaonanso ngati mabayiti amenewo alipodi. Pamenepa muonetsetse kamzere kamene ambiri amakadumpha: akamaliza pskb_may_pull yachiwiri amatenganso pointer ya header mwatsopano, chifukwa function ija imatha kusamutsa data kupita nayo malo ena, pointer yakale n'kutsala ikuloza pabwinja. Checksum imabwera pambuyo pa zonsezi, chifukwa simungawerengere checksum pa mabayiti amene simunatsimikize kuti alipo. Pomaliza ndi tot_len, utali wa paketi yonse wolembedwa mu header.

Zili ngati wogula chimanga pa msika. Thumba lalembedwa 50 kg, inde, koma amaliika pa sikelo yake. Sikelo yanu ndi chiwerengero cha mabayiti chimene khadi yakuuzani mu descriptor (kamalo kamene khadi imalembamo za paketi yofika). Cholembedwa pa thumba ndi tot_len.

Koma apa samalani, chifukwa kusagwirizana kuja kuli ndi mbali ziwiri ndipo imodzi si vuto ayi. Tot_len ikaposa mabayiti amene afika, paketiyo yaduka kapena ikunama, itayeni. Ikachepera header yakeyo, itayeninso. Koma mabayiti ofika akachuluka kuposa tot_len, nthawi zambiri ndi Ethernet chabe. Frame yaing'ono kwambiri ndi mabayiti 64, kutanthauza kuti katundu wa mkati sachepera 46, ndiye ACK (paketi yovomereza kuti zafika) yopanda kanthu ya mabayiti 40 imafika ndi 6 oonjezera ongodzazira malo. Mukamataya zimenezi, TCP yanu izikakamira pa handshake (moni wotsegulira connection), muzigona mochedwa kufufuza mfiti imene kulibe. Linux imangodula zotsalazo ndi pskb_trim_rcsum n'kupitiriza. Chimodzimodzinso checksum ya UDP pa IPv4: ikakhala 0 ndiye kuti wotumiza sanawerengere, sikuti yaonongeka.

Ineyo chinandigwetsa ndi ma option a TCP. Ndinkalemba kastack kanga ngati kanuka, ndipo loop yanga inali yooneka yanzeru: werenga mtundu wa option, werenga utali wake, suntha pointer ndi utaliwo, bwereza mpaka header ithe. Inagwira ntchito masabata angapo ndi ping komanso curl. Tsiku lina mnzanga anatenga Scapy (pulogalamu yopangira mapaketi) n'kunditumizira SYN (paketi yotsegulira TCP) imodzi yokha ya option ya utali 0. Pointer sinasunthe. Loop inazungulira pamalo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake, ndipo popeza zinali mkati mwa interrupt, ngakhale keyboard inasiya kumva. Panalibe uthenga pa sikirini, panalibe panic, kungoti zii, fani ya laputopu ikulira. Ndinataya madzulo onse ndikuganiza kuti vuto lili mu driver. Nditakaona tcp_parse_options ya Linux ndinapeza mizere iwiri imene ndinaisowa: utali ukachepera 2 amasiya pomwepo, ukaposa mabayiti otsala amasiyanso. Kuyambira tsiku limenelo loop iliyonse yoyenda m'paketi ndimaifunsa mafunso awiri ndisanapitirire: kodi ulendo uliwonse ikusunthadi, nanga kodi ikhoza kupitirira malire? Ku IPv6 lamuloli analilemba m'chikalata chenicheni cha malamulo a intaneti, RFC 4861 imati paketi ya Neighbor Discovery yokhala ndi option ya utali 0 itayidwe mwakachetechete. Ndipo pafupi pomwepo m'pamene Windows inapunthwa mu October 2020 ndi vuto lotchedwa Bad Neighbor, CVE-2020-16898. Option ya RDNSS mu Router Advertisement imayenera kukhala ndi utali wa nambala yosagawika ndi 2, wina akaika yogawika, tcpip.sys inkasokonezeka n'kulemba kupitirira stack.

Mukafika pa ma fragment (zidutswa za paketi yogawidwa), ndikulangizeni zoona: ngati kakernel kanu n'kophunzirira, kwa tsopano tayani fragment iliyonse, muiwerengere pa kauntala yake, mudzabwererepo mukakhwima. Kulumikiza zidutswa ndi dambo limene linameza pafupifupi aliyense. Ping of Death ya 1996 inagwiritsa ntchito masamu osavuta. Offset (pamene chidutswa chikuyambira m'paketi) ili ndi ma bit 13 ndipo imawerengedwa m'magulu a mabayiti 8, ndiye yaikulu kwambiri ndi 65,528. Paketi ya IP siyenera kuposa 65,535. Chidutswa chomaliza chikayambira pa 65,528 n'kunyamula mabayiti oposa 7, chinthu cholumikizidwacho chasefukira mu buffer, pomwe chidutswa chilichonse pachokha chinali chovomerezeka. Mu 1997 kunabwera Teardrop: zidutswa ziwiri, chachiwiri chogwera mkati mwenimweni mwa choyamba. Kernel pofuna kuchotsa mbali yobwerezedwa inkapeza utali wa pansi pa ziro, n'kuupereka kwa memcpy, amene sadziwa za nambala zapansi pa ziro, amangoona chinambala chachikulu n'kuyamba kukopera mpaka makina agwe. Linux anaikonza mu 2.0.32. Taonani kuti apa kernel inkayesa kuchita ufulu, kukonza paketi yopindika, ndipo ufuluwo ndi umene unaipha. N'chifukwa chake pa funso lanu loti muziikonza, ndikuti ayi. Mu 2009, RFC 5722 inalamula kuti pa IPv6 zidutswa zikangolowana, paketi yonse itayidwe, osakambirana.

Pali amene akuuzeni za lamulo la Jon Postel, loti ukhale wokhwimitsa pa zimene ukutumiza koma womasuka pa zimene ukulandira. Lili mu RFC 793 ya 1981 ndi RFC 1122 ya 1989. Ine ndimalimva motere: musakane paketi chifukwa cha option imene simukuidziwa, idumpheni ndi utali wake mutautsimikiza, komanso musakane chifukwa cha ma bit osungidwira mtsogolo. Silikutanthauza kuti muzilosera zimene wotumiza amafuna kunena. RFC 1122 yomweyo imanena kuti paketi ya version yolakwika kapena checksum yolakwika itayidwe mwakachetechete, ndipo imachenjeza kuti muziyembekezera kuti pa netiweki pali anthu oipa mtima otumiza zinthu zopangidwira kukuonongani.

Pa ma fragment palinso vuto lina limene silifuna bug ya memory nkomwe. Wina akhoza kukutumizirani zidutswa zoyamba zokhazokha, chomaliza osabwera, inu n'kumasunga mpaka memory ithe. Linux ili ndi ipfrag_time, masekondi 30, ndi ipfrag_high_thresh yoika malire a memory yonse. Ngakhale ndi malirewo, mu 2018 FragmentSmack ndi SegmentSmack zinaonetsa kuti tizidutswa ting'onoting'ono tambirimbiri tikhoza kudya CPU yonse pongoyenda m'mndandanda wautali paketi iliyonse ikafika. Choncho chilichonse chimene mukusungira mlendo chikhale ndi malire a kukula, malire a nthawi, komanso malire a ntchito imene mukugwira pochisamala.

Tsono zoyankha wotumiza. Header ya IP ikakhala yoonongeka, adiresi ya wotumiza ili mu header yomweyo, ndiye mukuyankha ndani? Ndipo ngakhale ili bwino, adiresiyo munthu amatha kulemba ya wina, inu n'kukhala mukugenda munthu wosalakwa. LAND ya 1997 inkaika adiresi ndi port ya makina anu omwe ngati wotumiza, makina n'kumadziyankha okha mpaka kuuma. Pali nthawi zimene ICMP ya cholakwika (uthenga wodziwitsa wotumiza za vuto) imatumizidwa, monga port yotseka kapena TTL (malire a ulendo wa paketi) ikatha, koma osayankha ICMP ya cholakwika ndi inzake, osayankha broadcast kapena multicast, osayankha fragment imene si yoyamba, ndipo muike malire a kuchuluka kwake. Malirewonso ali ndi msampha wake, izi ndikungokuuzani kuti mudziwe kuti nkhaniyi ndi yakuya. Linux inali ndi malire amodzi a makina onse pa ma challenge ACK (mayankho a TCP ku paketi yokayikitsa), 100 pa sekondi. Mu 2016 ofufuza a ku University of California, Riverside anaonetsa kuti munthu akhoza kuwerenga kuti mwa 100 aja atsala angati, n'kudziwa za connection ya anthu ena imene iye sakuiona. Imeneyo ndi CVE-2016-5696.

Ndikudziwa chimene mumafunira assert: mukufuna kuona pamene zalakwika. Chifukwa chake n'chabwino, chida ndi chimene chalakwika. Musalowetsenso printk (function yolembera uthenga mu log) pa paketi iliyonse yoipa, chifukwa kulemba pa serial n'kochedwa, ndipo wokutumizirani mapaketi masauzande pa sekondi adzakuimitsani ndi log yanu yomwe. Pangani enum ya zifukwa zotayira, yaifupi, version, checksum, yoduka, option yoipa, ndi array ya makauntala, kenako kacommand kosindikiza zonsezo. Pa Linux yanu lembani nstat -az muone IpInHdrErrors ndi IpExtInTruncatedPkts, ndi zomwezo. Kuyambira 5.17 anaonjezera kfree_skb_reason kuti paketi iliyonse yotayidwa izinyamula chifukwa chake. Ngati mukufunadi kuona mabayiti, sungani mapaketi oipa 16 omaliza mu ring yaing'ono, mudzawaone nthawi yanu.

Njira yotayira ikhale imodzi, pansi pa function, yofikidwa ndi goto drop. Aphunzitsi ena amadana ndi goto, koma mu kernel ndi imene imakupulumutsani ku kuiwala kubweza buffer pa return yachisanu ndi chiwiri, kapena kuibweza kawiri. Pa e1000 musaiwale kubwezera descriptor kwa khadi ngakhale paketi mwaitaya. Mukaiwala, ring imatha pang'onopang'ono, ndipo mapaketi oipa ochepa okha adzatseka netiweki yanu popanda chilichonse kugwa.

Poyesa musadikire mnzanu wa Scapy ngati ine. Function yowerenga paketi ilembeni kuti izilandira pointer ndi utali basi, isadalire china chilichonse cha kernel, kuti muthe kuimanganso ngati pulogalamu wamba pa Linux ndi -fsanitize=address n'kuipatsa libFuzzer kapena AFL (zida zoiponyera mabayiti osokonekera) usiku wonse. Musanafike kumeneko, tengani SYN imodzi yabwino, muidule bayiti imodzi imodzi kuchokera kumapeto mpaka itsale 0, ulendo uliwonse muiike mu malloc ya utali womwewo ndendende. Ikani function yanu ya IP ndi ya ma option pano m'gulu muno, tiyambire pa loop ija.