Tifunseni Zampira: Kodi a Betway makobili othandizira mpira amawatenga kuti?

Sabata ino inbox yadzadza ndi nkhani ya kubetcha yokhayokha, ndiye tasankhapo anayi.

FUNSO: Achimwene, ine ndili ku Joni kuno ndipo ndimachemerera Orlando Pirates. Ligi ya kuno inali DStv Premiership pano akuti Betway Premiership, ati apereka ndalama zankhaninkhani. Nanga kampani yoti ntchito yake nkupatsa anthu ndalama akawina, zogawira matimu ikuzipeza kuti?
Wa Pirates, Germiston

YANKHO: Amwene, ntchito ya kampaniyo ndi kutolera, kulipira owinawo ndi kagawo chabe ka bizinesiyo. Zomwe mwamvazo nzoona, mu July 2024 PSL, bungwe loyendetsa ligiyo, inalengeza mgwirizano wa zaka 3 ndi Betway wa ndalama pafupifupi R900 miliyoni. Ndipo sanayambire pamenepo, dzina lawo linakwera pachifuwa pa jezi ya West Ham ku England mu 2015 nkukhalapo zaka ndithu, eni ake ndi Super Group yomwe ili pa msika wa masheya wa New York kuyambira 2022. Anthu ogula masheya safuna zachifundo, amafuna phindu.

Phindulo lili mu ma odds, manambala aja ochulukitsira ndalama yomwe mwabetcha mukawina, tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti pali beti ya mbali ziwiri zofanana mwayi, monga zigoli zidutsa 2 kapena sizidutsa. Mwachilungamo odds imayenera kukhala 2.00 uku ndi uku koma iwo amaika mwina 1.90. Inu mwaponya K1,000 mbali iyi, mnzanu K1,000 mbali inayo, kampani yalandira K2,000, wowina apatsidwa K1,900, K100 yatsala m'thumba mwawo ndipo alibe nazo ntchito kuti wawina ndani. Mukuti K100 nkachani? Ganizani anthu mamiliyoni, magemu mazanamazana pa wikendi, ena akubetcha mpaka ligi ya ku Iceland usiku pakati osadziwa ngakhale dzina la osewera mmodzi.

Koma pomwe amadyera bwino ndi pa tikiti zazitali zija timazikonda ife Amalawi. Mukasanjikiza magemu 10 a 1.90, foni imakuonetsani kuti K1,000 yanu ibala K613,000 ndipo mtima umayamba kale kugula malata. Chomwe foni siyinena nchakuti mwayi woti onse 10 alowe ndi 1 pa 1,024, ndiye mphoto yoyenera ikanakhala K1,024,000. Kagawo kawo kaja kanali K5 pa K100 iliyonse, pa tikiti yotereyi kafika cha m'ma K40. Nchifukwa chake amakupatsani bonasi mukaonjezera magemu, amadziwa masamu awo. R900 miliyoni ija ndi ya anthu ngati inuyo ndi anzanu a pa renki, yangodutsira kwa tcheyamani wa PSL Irvin Khoza kupita ku matimu.

FUNSO: Ine ndatopa man. Tikiti yanga imafa ndi timu imodzi basi nthawi zonse, ndipo imakhala timu yaikulu yoti siyingaluze. Anthuwa sakugula oyimbira ndi osewera? Poti matimuwo amawathandiza ndi iwo omwe.
Shasha wa ku Ndirande

YANKHO: Funso limeneli ndimalimva paliponse, mu minibasi, pometetsa, m'mashedi oonetsa mpira. Kugulitsa magemu kumachitikadi padziko pano, sindingakane, koma amene amachita ndi magulu a akathyali ofuna kubera makampani a jugawo, kampani yaikulu ilibe chifukwa chogulira oyimbira poti masamu aja amaidyetsa kale popanda kupalamula. Komanso taganizani aise, tikiti yanu inafa ndi Man City, ya mnzanu inafa ndi Real Madrid, ya wina ndi Bullets, kodi angagule magemu onsewo kuti aphe K500 yanu?

Za kufa ndi timu imodzi zilinso ndi masamu ake. Ikani magemu 10 omwe aliwonse mwayi wolowa ndi 80 pa 100, zija timati za shuwa. Mwayi woti onse alowe ndi 11 pa 100 basi, pomwe woti ilakwe imodzi yokha ndi 27 pa 100. Ndiye kuphonya ndi imodzi kumabwera kawirikawiri kuposa kuwina, ndipo nkomwe kumakubwezani mawa lake mukuti ndinatsala pang'ono. Simunatsale pang'ono, tikiti yaitali imafa choncho.

Pa nkhani ya osewera pali ya Lucas Paquetá, wa ku Brazil uja, pomwe anali ku West Ham. Bungwe la mpira ku England la FA linamuimba mlandu mu May 2024 kuti ankalandira dala makadi achikasu kuti anthu akwawo awine, ndipo manyuzipepala a ku England analemba kuti omwe anayamba kukayikira mabetiwo anali a Betway omwewo, dzina lawo lili pa jezi yake. Mu July 2025 komiti inamupeza wosalakwa pa milandu ya makadiyo, koma anali atakhala zaka ziwiri mtima uli m'mwamba. Koma Ivan Toney sanapulumuke, mu 2023 anamuletsa kusewera miyezi 8 ataphwanya malamulo a kubetcha ka 232, ndipo chondiseketsa mowawa nchakuti nthawi yomwe ankamulangayo timu yake ya Brentford inkavala jezi yolembedwa pachifuwa dzina la kampani ya juga ya Hollywoodbets. Chaka chomwecho Sandro Tonali wa Newcastle anadya miyezi 10. Mnyamata akumuuza kuti usayerekeze kubetcha, kwinaku akumuveka chikwangwani choitanira anthu kokabetcha, pamenepo mpira ukudzinamiza wokha.

FUNSO: Ndamva kuti ku England akuchotsa makampani a juga pa majezi. Nanga bwanji kuno tikuwalandira ndi manja awiri? Kapena ifeyo ndiye tikuchita bwino poti matimu athu ndi osauka?
Mphunzitsi wa ku Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, mwamva bwino koma theka. Mu April 2023 matimu a Premier League anagwirizana okha kuti sizoni ya 2025/26 ikatha sadzaikanso kampani ya juga pachifuwa pa jezi. Pamkono pa jezi mpololedwa, zikwangwani zowala za m'mbali mwa bwalo zilipobe, ndiye mwana woonera pa TV aziwaonabe mainawo mphindi iliyonse. Italy ndi Spain ndiye anakhwimitsa kwambiri, iwo anachita kuika lamulo la boma. Ku England chomwe chinawakakamiza ndi madandaulo a mabanja ndi milandu ngati iyi: mu 2020 bungwe loyang'anira juga kumeneko linalipiritsa Betway £11.6 miliyoni kamba kosafufuza komwe makasitomala ena akuluakulu amatenga ndalama, kuphatikizapo zakuba, ndipo mu 2022 inalipiranso pafupifupi £400,000 chizindikiro chake chitapezeka pa masamba a ana a webusaiti ya West Ham, pena pake pomwe ana amasindikiza chithunzi cha kachidole kuti apake utoto.

Kuno kwathu nkhani ndi ya njala. Timu yoti ikusowa mafuta opitira ku Karonga, osewera sanalandire miyezi iwiri, kampani ya juga ikabwera ndi cheke palibe tcheyamani angaikanize, inu nomwe kwanuko mwaona dzina la Premier Bet kutsogolo kwa Dedza Dynamos. Ine sindiwada matimuwo. Chomwe ndimaopa ndi kuika mutu wonse m'thumba limodzi, chifukwa anzathu a ku Kenya zinawaonekera. SportPesa inkathandiza ligi yawo pamodzi ndi Gor Mahia komanso AFC Leopards, mpaka inafika pa jezi ya Everton ndi Hull City, koma mu 2019 itakangana ndi boma pa za misonkho ndi chiphaso inangoimitsa thandizo lonse ku Kenya, matimu akuluakulu a kumeneko aja nkuyamba kupemphetsa kwa masapota kuti alipire osewera. Ndiye maganizo anga ndi oti FAM ndi Sulom alandire ndalamazo koma alembe malire, majezi a matimu a ana asakhudzidwe, ndipo osewera aphunzitsidwe kuti malamulo a FIFA sawalola kubetcha pa mpira, poti mnyamata wolandira zochepa foni ili m'manja sachedwa kukopeka.

FUNSO: Mwana wanga ali Fomu 3, zaka 16, ndapeza kuti wakhala akubetcha ndi foni yanga, ndalama za banki m'khonde zomwe ndinasunga ku Mpamba zaperewera. Akuti anzake onse amachita ndipo ndi mpira chabe. Nditani?
Mayi wodandaula, Area 25

YANKHO: Pepani mayi. Choyamba sinthani PIN lero lomwe ndipo musamutumenso kwa ejenti ndi foni yanu. Kenako muimbire kampani yomwe amabetcherayo atseke akauntiyo, poti inatsegulidwa pa nambala yanu ndi inu muli ndi mphamvu, ndipo muwauze mosabisa kuti amaigwiritsa ntchito ndi mwana. Lamulo sililola wosakwana zaka 18 kubetcha, akakuvutani kadandauleni ku MAGLA, bungwe loyang'anira juga m'dziko muno. Mwanayo musangomukalipira, khalani naye pansi mutsegule mbiri ya akauntiyo, awerengere yekha ndi cholembera zomwe analowetsa ndi zomwe zinatuluka kuyambira tsiku loyamba. Mumufunsenso ngati sanakongole kwa anzake kapena kwa akatapila, ana ambiri amabisa pamenepo, ndipo ngati ngongoleyo ilipo mukaibweze nokha pamaso pake osamupatsa ndalama m'manja.