Kamzere ka mitengo m'mbali mwa mtsinje ndi moyo wa phiri la Mulanje

Mlimi wina wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje wandilembera kalata yonena kuti alangizi amupempha kuti aleke kulima m'mphepete mwa kamtsinje kodutsa m'munda mwake kuti mitengo imerenso. Iye akufunsa ngati kamzere koteroko kali ndi phindu lina kupatula kuitanira apusi ku chimanga chake.

Funsoli landikumbutsa dimba la agogo anga aamuna ku Phalombe. Iwo sankalola munthu kukhudza mikuyu ndi mitengo ya katope imene inandanda m'mbali mwa madzi kuchokera kuphiri mpaka kumudzi, ndipo ana tinkangoti ndi kuumirira kwa okalamba. Atamwalira, amalume anagwetsa mitengo yonseyo, kuotchera njerwa, nalima matimati mpaka pagombe penipeni. Sindingawaloze chala, pakuti fizi yanga ya kusekondale inachokera m'matimati omwewo. Koma gombe linayamba kugumuka dzinja ndi dzinja, ndipo mbalame zimene zinkatulukira mwezi wa Juni kudzadya nkhuyu sizinaonekenso.

Ndinadzamvetsa nditakula kuti mbalame zambiri za m'nkhalango za pamwamba zimatsikira kunsi nyengo yachisanu, ndipo zimatsata mitengo ya m'mitsinje monga momwe munthu amatsatira njira. Njirayo ikaduka, nkhalango ya pamwamba imasanduka chilumba, ndipo mbewu zimene mbalamezo zikanamwaza sizifika kwina. Abilimankhwe a m'nkhalango ndiye amavutika koposa, chifukwa sangadutse munda woyera. Phiri la Mulanje lili ndi mtundu wakewake wosapezeka kwina, umene asayansi anautcha Nadzikambia mlanjensis potengera dzina lathu lomwe la nanzikambe. Kagulu kotsekeredwa m'kankhalango kamodzi kamaberekana pachibale mpaka kufooka, ndipo moto umodzi wokha ungakathe psiti.

Nkhalango ya Mulanje inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo amene chilengedwe ndi anthu ayenera kupindulira limodzi. Maganizo anga ndi akuti takhala tikuyang'ana kumwamba kokha. Timalira mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene macheka autha, timanyadira nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, koma mitsinje yonga Likhubula, Lichenya ndi Ruo ikangotuluka m'malire a nkhalango timaisiya yamaliseche. Kumeneko ndi kuteteza mutu n'kudula miyendo. Anthu a ku Phalombe amene anaona napolo wa 1991 kuchokera m'phiri la Michesi, ndiponso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, akudziwa ukali wa madzi otsika m'phiri. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa miyala ija, koma gombe lomangidwa ndi mizu silikokoloka msanga ngati lolimidwa.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti mtolo wonsewu amausenzetsa mlimi wa munda wochepa. Bungwe lina linabwera kwathu ndi mbande za bulugama, linajambula zithunzi, n'kupita osabwereranso, pamene bulugama amamwa madzi ambiri ndipo sapatsa mbalame chipatso. Wopempha munthu kuti asiye nthaka yake yachinyontho ayenera kubwera ndi china m'manja, kaya ming'oma ya njuchi kaya mbande za zipatso.

Nanga muchite chiyani?

Siyani mzerewo, koma muyambe mwakambirana ndi eni minda ya kumtunda ndi kunsi pamaso pa amfumu, chifukwa njira yoduka pakati siithandiza kanthu. Tetezani zitsa zimene zikuphukira zokha, muonjezere mikuyu, katope ndi mbawa, ndipo mulambule njira yotchinga moto chilimwe chisanafike. Apusi abweradi, choncho chimanga chikhale kutali ndi mitengoyo, ndipo pafupi nayo mubzale tsabola.