Makompyuta 20 akukana Windows 11, mugule ena kapena muike seva?

Achimwene, mwafunsa ngati mugule makompyuta atsopano 20 pa ofesi yanu yowerengera ndalama, kapena mutsate zomwe anakuuzani za desktop virtualization. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya makompyuta, ndiye ndiyankhe monga ndikuonera.

Nkhani yake ndi yakuti Windows ndi mapulogalamu onse zimakhala pa kompyuta imodzi yamphamvu yotchedwa seva. Kompyuta ya padesiki imangoonetsa chithunzi n'kutumiza zomwe mwalemba. Ndiye akalewo musawataye. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta komwe makina ambiri akale alibe, koma kungoonetsa chithunzi amatha bwinobwino mukawaikira Linux yopepuka m'malo mwa Windows.

Ogulitsa amakonda kunena kuti mudzasunga ndalama pogula. Ine pamenepo sindikhulupirira kwambiri, seva ndi malayisensi zimadya ndithu. Phindu lenileni ndimaliona pa mafayilo. Laputopu ikabedwa m'minibasi, wakubayo wangotenga chitsulo, mabuku a makasitomala anu atsala pa seva. Wantchito akachoka mokwiya, mumangotseka akaunti yake, basi, palibe zothamangitsana naye kuti abweze zinthu. Inu amene mumasunga zinsinsi za ndalama za anthu, chimenechi chokha n'chachikulu. Kukonzanso kumaphweka, pulogalamu mumaika kamodzi m'malo mozungulira madesiki 20. Mukadzagula tima thin client (timakompyuta ting'onoting'ono tongolumikizira ku seva), tambiri sitifika n'komwe mawati 15, ndiye magetsi akazima inverter imapirira nthawi yaitali.

Koma musathamange. Mukasankha kubwereka seva ya pa intaneti monga Azure Virtual Desktop kapena Windows 365, maseva apafupi a Microsoft ali ku Johannesburg (anatsegula mu 2019), mumalipira mwezi ndi mwezi m'madola, ndipo mukudziwa momwe madola akuvutira kuno. Intaneti ikadula, ofesi yonse yapinda manja. Seva ya pa ofesi pomwepo imathetsa vuto limenelo, koma nayo ikafa onse 20 aima nthawi imodzi, ndiye UPS (batire yoti seva isazime magetsi akathima), backup (kope lapadera la mafayilo) ndi seva yachiwiri muziwerengere pa bajeti, pamodzi ndi layisensi ya RDS (chilolezo cha Microsoft cholowera pa seva kuchokera pa kompyuta ina) ya munthu aliyense.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi anthu asanu kwa mwezi umodzi, makamaka mwezi wotseka mabuku. Muyesenso maprinta anu onse msanga, chifukwa amenewo ndi omwe amakonda kuvuta.