Vanishi wa pansi pa matabwa: kodi sofa ndi kapeti zibwerere liti?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo yaifupi. Mmisiri wamaliza kupaka vanishi pansi pa matabwa m'chipinda chawo chochezera, wawauza kuti pauma mawa, ndipo akufuna kudziwa ngati angabwezeretse sofa ndi kapeti Loweruka likubwerali. Mayi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa mawu akuti "pauma mawa" ndi omwe anawononga pansi pa nyumba ya amayi anga ku Zomba, ndipo mpaka lero ndikalowa m'chipinda chimenecho mtima umandiwawa.

Nyumbayo ndi yakale, ndipo pansi pake m'chipinda chochezera anayala timatabwa ta mlombwa tating'onoting'ono tolukanalukana, totchedwa parquet, monga zilili m'nyumba zambiri zakale za ku Zomba ndi Blantyre. Kwa zaka zambiri amayi ankagwada Loweruka lililonse kupaka polishi ndi kupukuta mpaka pansipo pankawala. Itayandikira nthawi ya chinkhoswe cha mchemwali wanga, m'mwezi wa February mvula ili pachimake, abale anagwirizana zoti paikidwe vanishi kuti alendo akaone nyumba yooneka bwino. Mmisiri amene anabwera anapalapala pang'ono ndi sandipepa wa m'manja, natsegula chitini cha vanishi wamafuta, ndi kupaka mochindikala, kenako n'kupakanso pamwamba pake tsiku lomwelo. Mawindo anawatseka kuti fumbi ndi tizilombo zisagwere pa ntchito yake. M'mawa mwake anagwada, nakhudza pansi ndi chala, natembenuza chalacho kuti amayi aone kuti palibe chamatirira, ndipo analandira ndalama zake n'kumapita.

Amalume anabweretsa mipando yachitsulo yobwereka kutchalitchi, kapeti anayalidwa pakati, ndipo mwambo unayenda bwino. Alendo atabalalika ndi pamene tinaona zimene zinachitika. Phazi lililonse la mpando linasiya kadzenje kozungulira, ndipo m'mphepete mwa kadzenjeko vanishi anatukuka. Pamene achimwene ankanyamula kapeti, panamveka kulira kwa chinthu chomwe chikumatuka, ndipo ulusi wa kunsi kwa kapetiyo unatsalira m'vanishi, mizere yake ikuoneka bwinobwino. Mchenga wa ku nsapato za alendo unalowa mkati n'kukhazikika. M'ngodya, momwe sandipepa sanafike, vanishi ankasendeka ngati khungu la mbatata yophika, chifukwa pansi pake panali polishi wa zaka zambiri, ndipo vanishi sagwira pa phula la polishi. Amayi sanalankhule zambiri. Anagula mkeka waukulu n'kubisa malowo.

Chimene mmisiri uja anayesa ndi chala chinali khungu la pamwamba chabe. Vanishi akapakidwa, choyamba madzi kapena mankhwala omusungunula amauluka, ndipo pamwamba pamasiya kumata. Zimenezi zimatenga maola. Kenako pamayamba ntchito ina ya mkati, yosaoneka ndi maso, imene imamusandutsa chinthu cholimba chopirira nsapato ndi mipando. Vanishi wamafuta amalimba pokoka okosijeni wa mumpweya, ndipo ntchito imeneyi imatenga pafupifupi masiku 30. Vanishi wamadzi, monga wa mtundu wotchedwa polyurethane, amafulumirako, koma nayenso amafuna pakati pa masiku 7 ndi 14, ena kupitirira apo. Munthu akayala kapeti pa vanishi amene sanalimbe, amakhala watsekereza mpweya, kotero kuti malowo amachedwa kulimba, amamata, ndipo nthawi zina amasintha mtundu kusiyana ndi mbali zina za chipindacho. Kupaka mochindikala kumaonjezera vuto, chifukwa khungu la pamwamba limatseka vanishi wofewa wa pansi pake, ndipo kupaka kachiwiri koyamba kusanaume kumamutsekeratu.

Ndinkaganiza kale kuti nkhani ngati imeneyi ndi ya kusadziwa, koma tsopano sindikuvomerezanso. Mmisiri amene wapaka vanishi kwa zaka amadziwa bwino kuti sofa yolemera siyenera kukhala pamenepo tsiku lachiwiri. Amanena kuti "pauma mawa" chifukwa akufuna kulandira malipiro ake n'kuthamangira ntchito ina, komanso chifukwa akudziwa kuti mwininyumba safuna kumva za masabata. Mmisiri woona mtima amanena masiku onse asanatsegule chitini, ngakhale atadziwa kuti angaluze ntchitoyo, ndipo amene sanena wabera mwininyumba, chifukwa kukonza kwake n'kowawa. Pamafunika kupala vanishi yense ndi makina mpaka kufika pa thabwa, ndipo kupala kulikonse kumadya thabwalo. Timatabwa ta parquet si tochindikala kwambiri, ndipo mlombwa wabwino masiku ano ndi wosowa komanso wodula. Nawonso eni nyumba zalendi amene amapakitsa vanishi pa 29 kuti wolowa watsopano asamukiremo pa 1, kenako n'kumudula ndalama ya chikole chifukwa cha zipsera za mipando, akuchita zosalungama.

Pali chinthu chinanso chimene sindingachisiye, ngakhale simunafunse. Nsanza zimene zapukutira mafuta opaka matabwa, makamaka a linseed, zikaunjikidwa pamodzi zimatha kuyaka zokha, chifukwa mafutawo akamakoka okosijeni amatulutsa kutentha, ndipo mkati mwa mulu kutenthako kumasowa kotulukira. Ngati mmisiri wanu wasiya nsanza zotere m'katoni kukhonde, zitulutseni lero, muziyanike imodziimodzi panja kapena muziviike m'ndowa ya madzi.

Nyengo yathu ndi manambala a pachitini

Maola olembedwa pachitini amayesedwa m'chipinda chofunda pafupifupi madigiri 20 mpaka 25, chinyezi chili cha m'ma 50 peresenti, komanso vanishi atapakidwa mopyapyala. Nyumba ya ku Zomba mu February, kapena ya ku Thyolo ndi Mulanje m'masiku a chiperoni mu June ndi July, ili kutali ndi zimenezi. Mpweya ukadzaza chinyezi, madzi a m'vanishi amachedwa kuuluka, ndipo kukazizira kulimba kwa mkati kumayenda pang'onopang'ono, kotero kuti maola a pachitini amatha kuwirikiza kawiri. Kutentha kwa October nako kuli ndi vuto lake, chifukwa dzuwa likamalowa pawindo n'kuwomba pansi pongopakidwa kumene, pamwamba pamauma msanga kwambiri n'kusiya mizere ya burashi ndi timathovu. Chofunika ndi mpweya woyenda modekha. Fumbi limaopsa m'maola oyambirira okha, ndipo pamwamba pakasiya kumata mawindo ayenera kutsegulidwa.

Thabwa lenilenilo limalowereraponso. Matabwa a paini ochokera ku Chikangawa nthawi zambiri amafika pamsika asanaumitsitse, ndipo vanishi wopakidwa pa thabwa lonyowa amachita mbuu kapena kusendeka thabwalo likamauma ndi kufota. Mitengo ina yolimba ili ndi mafuta akeake amene amachedwetsa vanishi wamafuta, n'chifukwa chake mmisiri wosamala amayamba wayesa pangodya yobisika n'kuona mmene pakuumira.

Tsono mayi, simunandiuze mtundu wa vanishi amene wapakidwa, koma chitini chikuuzani. Ngati palembedwa kuti burashi itsukidwe ndi madzi, ndiye kuti ndi wamadzi. Ngati palembedwa turpentine kapena thinners, ndi wamafuta kapena wofanana naye, ndipo fungo lake limakhala lamphamvu. Pa wamadzi, mutha kuyendapo ndi sokosi pakatha maola 24, mipando ibwerere pakatha masiku 3, ndipo kapeti adikire masabata 2. Pa wamafuta, musapondepo kwa maola 24 mpaka 48, mipando idikire masiku 4 mpaka 7, ndipo kapeti ndi chikolopa chonyowa zidikire mwezi wathunthu. Ngati kunja kukugwa mvula kapena kukuzizira, onjezani masiku. Werengani kuyambira tsiku limene anapaka komaliza. Musanalowetse kalikonse, kanikizani chikhadabo pangodya ya kuseri kwa chitseko. Chikasiya chizindikiro, kapena fungo likadali lamphamvu m'mawa mukatsegula chipindacho, ndiye kuti nthawi sinakwane. Sofa ikhoza kulowa Loweruka ngati masiku amenewa akwana, koma inyamulidwe ndi anthu awiri osaikoka, ndipo kunsi kwa miyendo yake mumateko tizigamba ta bulangete lakale. Kapetiyo mupinde, akhale kaye m'chipinda china.