Pikes Peak: phiri lomwe magalimoto akhala akulikwera kuyambira 1916

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe, amakanika. Alemba kuti anaona pa YouTube galimoto yamagetsi ya Volkswagen ikukwera phiri la Pikes Peak ku America, ndipo anamva kuti ndiyo inathamanga kuposa galimoto iliyonse m'mbiri ya mpikisanowu. Funso lawo ndi loti mpikisanowu unayamba bwanji, komanso ngati zikutanthauza kuti madalaivala akale ndi mainjini a petulo anali otsalira.

Achimwene, funso lanu landikondweretsa kwambiri, ndipo ndiyankha motalikirapo.

Tiyambe ndi phirilo, chifukwa osalidziwa simungamvetse nthawi zimene anthu amatchula. Pikes Peak ili m'boma la Colorado, pafupi ndi mzinda wa Colorado Springs. Msewu wa mpikisano ndi wotalika makilomita pafupifupi 20 ndipo uli ndi makona 156. Magalimoto amanyamukira pamalo okwera mamita 2,862 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo amakamalizira pansonga, pa mamita oposa 4,300. Kuti muone bwino: Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Choncho poyambira pokha patsala pang'ono kufanana ndi nsonga yathu yayitali kwambiri m'Malawi, kenako dalaivala akwerenso mamita 1,440. Magalimoto sanyamukira pamodzi. Aliyense amapita yekha, ndipo mdani wake ndi wotchi.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Spencer Penrose, mkulu wa bizinesi amene analemera ndi migodi. Iye anakulitsa kanjira ka ngolo kopita pansonga n'kukhala msewu wa magalimoto, ndipo mu 1916 anakonza mpikisano kuti anthu adziwe za msewuwo n'kumabwera kudzacheza. Wopambana woyamba anali mnyamata wina dzina lake Rea Lentz, yemwe anafika pamwamba patatha mphindi 20 ndi masekondi 55. Ku America konse, mpikisano wa magalimoto wotchuka umene unayamba kale kuposa uwu ndi Indianapolis 500, wa mu 1911. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse zinadukiza zaka zina, n'chifukwa chake mpikisano wa nambala 100 unachitika mu 2022. Ngati mukufuna mpikisano wokwera mtunda wakale kuposa uwu, ulipo wa Shelsley Walsh ku England, womwe unayamba mu 1905, koma njira yake siyikwana n'komwe kilomita imodzi.

Kwa zaka zambiri phirili linali ngati munda wa banja la a Unser. Louis Unser anapambana kasanu ndi kanayi. Mwana wa m'bale wake, Bobby Unser, amenenso anapambana Indianapolis 500 katatu, anamuposa. Onsewa ankathamanga pa msewu wafumbi ndi timiyala, m'malo ambiri wopanda chotchingira m'mbali, phompho lili pomwepo.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1980 pamene makampani a ku Ulaya anabwera ndi magalimoto a rally (mipikisano ya m'misewu yokhotakhota ya fumbi ndi phula) okoka ndi mawilo onse anayi komanso okhala ndi turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini. Mu 1985 mayi wa ku France, Michèle Mouton, anapambana pa Audi Sport quattro ndipo anaphwanya rekodi ndi nthawi ya 11:25, kutanthauza mphindi 11 ndi masekondi 25. Chaka chotsatira Bobby Unser anabweranso, nayenso pa Audi, n'kuilanda rekodiyo. Mu 1987 Walter Röhrl wa ku Germany anakhala woyamba kufika pansonga mphindi 11 zisanakwane, pa 10:47, ndipo mu 1988 Ari Vatanen wa ku Finland anachotsako kachigawo chabe ka sekondi pa Peugeot 405. Kenako mu 1994 Rod Millen wa ku New Zealand anakwera ndi Toyota Celica pa 10:04.

Nambala imeneyi muisunge, achimwene, chifukwa yankho la funso lanu lagona pamenepa. Nthawi ya Millen inakhala zaka 13 osaphwanyidwa, ndipo anaipeza pa msewu wafumbi. Pa fumbi galimoto siigwira pansi. Dalaivala amailowetsa pakona cham'mbali, kumbuyo kukuterereka, n'kumaiwongola ndi phazi la pa mafuta pamodzi ndi chiwongolero. Msewu umene anauona poyeserera sukhala chimodzimodzi tsiku la mpikisano, popeza galimoto iliyonse yodutsa imakumba ndi kumwaza timiyala. Amene munayendetsapo pa msewu wafumbi wotsetsereka mukudziwa mmene chiwongolero chimapepukira m'manja. Tsono ganizirani zimenezo pa liwiro la mpikisano.

Fumbilo linatha chifukwa cha mlandu. Bungwe loteteza chilengedwe la Sierra Club linasumira mzinda wa Colorado Springs, umene umayang'anira msewuwu, ponena kuti timiyala ndi dothi zimene ankathira pamsewu zinkakokoloka n'kumakwirira mitsinje ndi zomera za m'munsi. Anagwirizana kuti msewu uthiridwe phula, ndipo ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono kuyambira 2002 mpaka 2011. M'zaka zimenezo madalaivala ankathamanga theka phula theka fumbi, zomwe zinali mutu waukulu posankha matayala. Nobuhiro Tajima wa ku Japan, pa Suzuki, ndi amene analamulira nyengo imeneyi: anaphwanya rekodi ya Millen mu 2007, ndipo mu 2011 anakhala woyamba kutsika pansi pa mphindi 10, pa 9:51.

Phula litafika pansonga nthawi zinagwa ngati mango okupsa. Mu 2012 Rhys Millen, mwana wa Rod, anachita 9:46. Mu 2013 Sébastien Loeb anabwera ndi Peugeot 208 T16 n'kuchita 8:13, kuchotsa mphindi imodzi ndi theka m'chaka chimodzi chokha. Loeb ndi katswiri weniweni, palibe angatsutse, koma luso lokha silingadule nthawi chonchi. Msewu ndi umene unali wina, ndipo unalola magalimoto otsika pansi, a matayala osalala ndi mapiko akuluakulu okanikizira galimoto pa phula.

Tsopano za magetsi. Inu monga makanika mukudziwa kuti injini ya petulo imafuna mpweya kuti iwotche mafuta. Mukamakwera m'mwamba mpweya umachepa, ndipo injini yopanda turbo imafika pansonga ya Pikes Peak itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Turbo imathandiza, koma nayo imagwira ntchito mwabefu ndipo kuziziritsa injini kumavuta. Mota yamagetsi sipuma mpweya, mphamvu imene ili nayo pansi ndi yomweyo pamwamba, ndipo imakoka nthawi yomweyo potuluka pakona iliyonse mwa 156 zija. Vuto lake lalikulu ndi kulemera kwa mabatire, koma pa makilomita 20 okha safunika ambiri. Rhys Millen anapambana mpikisano wonse ndi galimoto yamagetsi mu 2015, ndipo mu 2018 Romain Dumas wa ku France anachita 7:57 pa Volkswagen I.D. R, imene munaiona ija.

Maganizo anga ndi akuti pa phirili pali marekodi awiri, ya fumbi ndi ya phula, ndipo sitiyenera kuwaika pa sikelo imodzi. Ndimalemekeza 7:57 ya Dumas, komanso 10:04 ya Rod Millen ndimailemekeza chimodzimodzi, ndipo pa fumbi lokhalokha palibe amene adzaiphwanye chifukwa msewu umene anaipezerapo kulibenso.

Phula silinachotse ngozi. Linawonjezera liwiro pomwe phompho lili pomwe linali. Mu 2019 Carlin Dunne, katswiri wa njinga zamoto amene anali atapambanapo kangapo, anamwalira atagwa ndi Ducati atatsala pang'ono kufika pansonga. Kuyambira pamenepo njinga zamoto sizinabwererenso pa mpikisanowu, ndipo ndikuona kuti okonza anachita bwino, ngakhale zimandimvetsa chisoni.

Mukapeza mpata ndi bandulo, fufuzani kanema wa Vatanen wa mu 1988. Pali malo ena pamene dzuwa likumuthobwa m'maso, iye n'kukweza dzanja limodzi kudziphimba, linalo likuwongolera galimoto yomwe ikuterereka m'mphepete mwa phompho. Mukauonera mundilemberenso, mundiuze ngati mukuonabe kuti akalewo anali otsalira.