Apongozi akuti tipite kwa asing'anga

Anti, ndine mayi wa zaka 29, tinamanga ukwati woyera mu 2020 koma mpaka pano mwana kulibe. Sabata yatha apongozi anabwera ndi kabotolo ka mankhwala akuda bii akuti ndiziika pansi pa matilesi, kenaka tipite kwa asing'anga akanditeme mphini, bambo akunyumba angoti zii osayankha. Ine ndimaimba kwaya, zoterezi ndinalonjeza kuti sindidzapanga koma mtima wayamba kugwedezeka. Nditani?
Wosweka mtima, Ndirande

Mwana wanga, pepa kwambiri, ululu wako ndaumva. Tsegula 1 Samueli 1 uwerenge za Hana, mkazi mnzake Penina ankamunyoza chaka ndi chaka mpaka kudya kumamukanika, ndipo atapita ku Silo kukapemphera milomo yokha ikugwedera, wansembe Eli anamuyesa woledzera. Ndiye usaone ngati misozi yakoyo ndi kuchepa kwa chikhulupiriro ayi. Koma zamaula ndi nyanga Deuteronomo 18:10-12 akukana poyera, kabotoloko kabweze mwaulemu, ugwade uwauze kuti amayi zikomo pondiganizira koma izi sindingathe.

Chikundiwawa ine ndi chete wa amuna akowo, mayi awo akuyenera kuwayankha okha osati kukusiyira iwe. Komanso kupita kuchipatala si tchimo, madokotala amati pakatha miyezi 12 mimba osabwera mukayezetse nonse awiri chifukwa vuto limathanso kukhala la abambo. Queens muli nayo pafupi, yambirani kuchipatala chaching'ono akakupatseni kalata. Amuna akowo akakana, itanani ankhoswe ndi abusa mukhale pansi.
Anti